Hendulo Inabwerera pa Nathenje

Malemu Efulemu Kachingwe Mbewe anabadwa pa 9 Malichi 1914 m'mudzi uno wa ku Mitundu, kuseri kwa dambo lomwe ambiri mwawoloka pobwera kuno. Tsikuli talitenga m'buku la ubatizo, chifukwa mayi awo, a Zipora, amene ali m'nyumbamo, amangokumbuka kuti anthu anali atayamba kuotcha mondokwa. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gilibati Phiri, msuwani wawo. Bambo anga anali malume awo. Akubanja andisankha chifukwa ndimadziwa kuwerenga, komanso ndinalipo pamene anavulala. Masiku atatu apitawa munthu ameneyu ankandiseka kuti ndanenepa, lero ndikuti malemu, ndipo lilime likukana.

Ndisanapitirire, ndili ndi pempho. Ndikudziwa zomwe zikunong'onedwa kuyambira dzulo za galimoto ya a Sefu Uledi, eni sitolo ya pamsika, amene ndi abwana anga. Ndamvanso kuti ena akungodikira kuti tichoke kumanda akayatse sitoloyo. Akuluakulu, amayi ndi abambo, ndikupempha kuti mudikire kaye mbiriyi ithe.

Mu 1922 malemu anayamba sukulu ya m'mudzi muno, ndipo mu 1926 anapita ku mishoni ya Nkhoma komwe anafika Sitandade 3. Masamu ankawakhoza. Kuimba kokha ndiye ayi, ndipo amene munakhalapo nawo benchi imodzi m'tchalitchi mukudziwa kuti sanasinthe mpaka mapeto. Kusukuluko anakwapulidwa kamodzi kokha, chifukwa chomasula wotchi ya aphunzitsi kuti aone chomwe chimalira mkatimo. Anaibwezeretsa, kachitsulo kamodzi n'kutsala panja, koma wotchiyo inkayendabe.

Mu 1931, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anatsagana ndi anzawo pa ulendo wapansi kupita ku Halale. Chaka choyamba analima pafamu. Kenako anapeza malo pagalaja ina m'tauni, osati ngati makaniki, koma wosesa ndi wotsuka masipanala. Palibe anawakhazika pansi kuwaphunzitsa. Ankasesa pafupi ndi galimoto yomwe ikukonzedwa, tsache likuyenda pamalo amodzi, makutu ali ku injini. Pofika chaka chachinayi eni galaja anazindikira kuti wosesa wawo amadziwa chomwe chavuta asanatsegule n'komwe, ndipo anawalanda tsache n'kuwapatsa sipanala.

Anabwerera kumudzi mu 1937, ndipo pa 11 Juni 1938 anamanga ukwati woyera ndi mayi Esitere Nabanda a ku Nathenje. Anakakhala chikamwini komweko. Apongozi awo anawapatsa khasu monga mwa mwambo, ndipo ndinene zoona pano, munda sunawayanje. Ankati akalima pang'ono n'kumva galimoto ikudutsa mumsewu, khasu linkaima m'malere, iwo akumvetsera ngati injiniyo ili bwino. Apongozi anadandaula chaka chimodzi, kenako anangogonja.

Mu 1940 analowa usilikali, ndipo ankayendetsa ndi kukonza magalimoto ankhondo ku Kenya, ku Abisiniya mpaka ku Bama. Za nkhondoyo sankakonda kukamba. Chomwe tikudziwa n'chakuti anabwerako mu 1946 ndi bokosi la zitsulo, jekete lolemera, ndi malungo omwe ankawabwerera chaka ndi chaka.

Chaka chomwecho anayamba ntchito yawo pansi pa mtengo wa kachere pa Nathenje, m'mbali mwa msewu wopita ku Dedza. Panalibe chikwangwani. Madalaivala ankangouzana, ndipo ena ankakoka magalimoto awo ndi ng'ombe kuchokera ku Diamphwe kudzawapeza. Pa njala ya 1949, malole onyamula chimanga ankafera mumsewu chifukwa cha ukalamba ndi katundu, ndipo malemu ankawatsatira pa njinga kukawadzutsa. Ambiri a ife tinadya chimanga chomwe chinafika chifukwa cha manja amenewa, ngakhale sitinkadziwa. Mu 1951 mpingo unawasankha kukhala mkulu wampingo, udindo womwe anausunga mpaka tsiku lawo lomaliza.

Kagwiridwe kawo ka ntchito ambiri munakaona. Galimoto ikabwera injini ikutsimphina, thupi lonse likugwedera, sankathamangira sipanala. Ankaima pambali, mutu utapendekeka, n'kumamvetsera. Kenako, injini ikulira choncho, ankazula waya wa pulagi imodzi. Kulira kukasintha, ankati ameneyu ndi wamoyo, n'kubwezera. Akazula wina kulira osasintha, ankati mlesi wapezeka, chifukwa pulagi imeneyo inkangodya petulo osayatsa moto. Ankaimasula n'kuiyang'ana kumutu. Ikakhala yakuda ndi mwaye, ankati petulo wachuluka. Ikakhala yonyowa ndi oyilo, injini yakalamba. Ikakhala yoyera ngati phulusa, injini ikutentha mopitirira. Magetsi a mawaya aja ankawamenya m'zala tsiku ndi tsiku, iwo osaphethira n'komwe. Ine ndinayesa kamodzi ndipo ndinakagwera m'beseni la oyilo, nkhani yomwe sanaiiwale.

Koma chomwe anatchuka nacho ndi tayimingi, ndiko kuti nthawi yomwe moto umafika pa pulagi. Ndikufotokozereni monga momwe iwo ankatifotokozera, chifukwa popanda zimenezi simumvetsa imfa yawo. Mkati mwa injini muli mapisitoni omwe amakwera ndi kutsika ngati minsi mumtondo, ndipo moto uyenera kufika pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Moto ukachedwa, galimoto imachita ulesi pachitunda, imatentha, n'kumaombera ku paipi ya utsi. Moto ukafulumira, injini imalira ngati muli timiyala, ndipo poiliza imakana kupita kutsogolo, imabwerera m'mbuyo. Chomwe chimagawa motowo ndi kachipangizo kotchedwa disitibyuta. Mukakapotoza pang'ono chabe, ngakhale kukula kwa chikhadabo, nthawi ya moto yasintha.

Potchera nthawiyo malemu ankagwiritsa ntchito kapepala kopyapyala kopichirira fodya. Ankakapanikiza pakati pa timilomo tiwiri ta m'disitibyuta, n'kuzunguza injini pang'onopang'ono mpaka kapepalako katasololoka, ndipo pamenepo ndiye pa moto. Iwo fodya sankasuta. Koma mu 1952 mayi Esitere anapeza timapepalati m'jekete la Lasabata, n'kuganiza kuti amuna awo ayamba kusuta, ndipo atalira tsiku lonse anakatula nkhaniyo kwa akulu ampingo anzawo a malemu. Malemu sanadziteteze ndi pakamwa. Anatenga akuluakulu onsewo kupita nawo pakachere, n'kuwaweramitsa mmodzimmodzi pa injini ya lole kuti aone kapepala kakugwira ntchito. Mlandu unathera pomwepo. Mayi Esitere, pepani, nkhaniyi ankaikonda okha kuinena.

Magalimoto athu akalewa batire sichedwa kufooka, choncho timawaliza ndi hendulo, chitsulo chokhota chija timalowetsa kutsogolo n'kupukusa. Malemu anaphunzitsa dalaivala aliyense wa dera lino kagwiridwe kake: chala chachikulu chisazungulire chitsulo, muzikokera m'mwamba osati kukankhira pansi, ndipo thupi likhale patali. Madalaivala othyoka mikono tawaona ambiri, koma iwo pa zaka makumi awiri ndi zisanu hendulo inali isanawakhudzepo. Ankangoyandikira pa injini yomwe anaitchera okha, chifukwa ankaidziwa.

Analinso ndi funso limodzi lomwe ankafunsa asanagwire galimoto iliyonse, kaya ya munthu wakuda, ya Mmwenye kapena ya Mzungu: "Wagwirapo ndani?" Ankati vuto lobwera lokha amalimva ndi khutu, koma vuto loikidwa ndi dzanja la munthu limabisala. Mukavomera kuti munagwirapo, ankakukalipirani mpaka akumsika amve, kenako n'kuseka, n'kuyamba ndi kuona tayimingi. Mukati palibe, ankakukhulupirirani. Sanali munthu wofunsa kawiri.

Mu 1953 a Sefu Uledi anagula galimoto yakale kwa Mzungu wina wa pafamu ya fodya. Inali itagona zaka ziwiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Malemu anaidzutsa, ndipo a Sefu atafuna dalaivala, iwo ndi amene anandiphunzitsa kuyendetsa n'kukandipereka ndi dzanja lawo. Anandiuza kuti ndikhoza kusintha tayala, kuthira madzi ndi kupukuta mapulagi, koma disitibyuta ndiziisiyira iwo, monga momwe mkamwini sapita kukatsegula nkhokwe ya apongozi. Kumayambiriro kwa mwezi uno anaitchera tayimingi galimotoyi, ine ndikuona.

Tsopano ndafika pa masiku awo omaliza, ndipo ndiwerenga monga momwe akubanja alembera. Lachiwiri pa 14 Ogasiti 1956, galimoto ya a Sefu inanyamuka ku Mitundu m'mawa ndi matumba a mtedza kupita ku Nathenje, komwe eni ake anali atatsogola pa njinga. Panjira injini inayamba kutsimphina, ndipo inakazima itafika pakachere cha m'ma 10 koloko. Malemu anaunika mapulagi ndipo anapeza kuti yachitatu inali yong'aluka. Anaikapo ina. Poti batire inali yofooka, anatenga hendulo okha. Atakoka, hendulo inabwerera n'kuwamenya kumanzere, m'munsi mwa nthiti. Anagwada pansi kanthawi, kenako anadzuka, nati si kanthu, ndipo anamaliza ntchito. Masana anadya bwinobwino.

Dzuwa litapendeka anayamba kutuluka thukuta lozizira. Ankapempha madzi pafupipafupi, ndipo ankadandaula phewa lakumanzere, pomwe sipanamenyedwe n'komwe. Milomo inayera. Mayi Esitere anatumiza uthenga kumsika, ndipo a Sefu anataya matumba onse pansi, n'kunyamula malemu kupita nawo kuchipatala cha Nkhoma. Adokotala anatiuza kuti kapamba wawo, amene anali wotupa kale ndi malungo a kunkhondo aja, anang'ambika, ndipo magazi ankatayikira m'kati. Anayesetsa ndithu, koma tinali titachedwa. Malemu anatisiya Lachitatu pa 15 Ogasiti, dzuwa litangotuluka, ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Sanagone pamphasa kudwala ngakhale sabata imodzi. Tonse tangoti kakasi.

Pepala lomwe akubanja anandipatsa lathera apa. Zotsalazi sizinalembedwe, ndipo palibe amene wazimva, ngakhale mkazi wanga.

Thupi litafika kuno, amene analisambitsa anaona kuti palibe bala, koma zikhatho zinali zoyera ngati za munthu wopanda magazi. Apo ndi pomwe inayambira nkhani yakuti galimoto ya a Sefu ndi yokhwimira, kuti inamwa magazi a malemu kuti sitolo ipite patsogolo. Ambiri munafunsa kuti munthu wodziwa hendulo ngati ameneyu ingamumenye bwanji popanda dzanja la munthu. Dzulo masana miyala inaswa chitseko cha sitolo, ndipo akazi a a Sefu, mayi Saida, ndi ana athawira kwa abale awo. Funso lanu ndi labwino. Dzanja la munthu linalipodi, koma si la a Sefu. Ndi ili.

Lachiwiri lija m'galimoto ndinali ndekha. Injini itayamba kutsimphina pachitunda, nditangowoloka kamtsinje, ndinaima. Ndikanazula mawaya mmodzimmodzi monga ndinaonera kambirimbiri, ndikanaipeza pulagi yong'alukayo. Koma ndinaopa magetsi aja, ndiponso ndinali ndi mtima wofuna kudziwika. Zaka zitatu ndakhala ndikuwayang'ana akupotoza disitibyuta, ndipo ndinati n'chiyani chovuta pamenepa. Ndinatenga sipanala, ndinamasula, ndinapotoza pang'ono. Galimoto inakwera chitunda, ine n'kudziona ngati makaniki. Ndinamva timiyala tikulira mu injini, koma ndinadzinamiza kuti ndi za mumsewu. Patsogolo inatsimphinanso, ndipo ndinapotozanso, mopitirira poyamba. Kapepala ndinalibe, nzeru yake ndinalibe. Ndinafulumizitsa moto.

Nditafika pakachere ndinapeza a Sefu ataima pomwepo, pamodzi ndi madalaivala awiri a ku Diamphwe. Malemu anapukuta m'manja, n'kundifunsa funso lawo lija pamaso pa anthu onsewo. Ndinayang'ana abwana anga. Ndinayang'ana madalaivala aja, amene ankandiseka kale kuti ntchito ndinaipeza chifukwa cha chibale. Manyazi anandigwira. Ndinati palibe. Anangoti chabwino, n'kupita ku mapulagi. Tayimingi sanaione, chifukwa anali ataitchera okha masabata awiri apitawo, ndipo msuwani wawo wati palibe wagwirapo. Ndinafuna kutenga hendulo ndekha, koma anandiuza kuti ndikhale mkati ndipondeko petulo. Ndinakwera. Ndinawaona pagalasi akuwerama, akuyandikira monga amachitira pa injini yoidziwa. Ndinali ndi nthawi yokwanira kufuula. Sindinafuule.

Atadzuka pansi paja, sanafunse munthu. Anapita molunjika pa disitibyuta, ndipo anaona pomwe sipanala yanga inachotsa fumbi. Anatulutsa kapepala m'thumba, anatcheranso moto pamalo pake, dzanja lina litagwira m'nthiti. A Sefu atafunsa chomwe chachititsa, anayankha kuti magalimoto okalamba ali ndi mitima yawo, ndipo anthu anaseka. Kenako anabwera kudzandipatsa hendulo, n'kulankhula chapansipansi kuti ena asamve: "Asuwani, mukanangonena. Ndikanangokukalipirani basi."

Amenewo ndi mawu omaliza omwe anandiuza ine. Anandibisa kuti ntchito isandithere. Popita ku Nkhoma ndinayendetsa ndine, iwo atagona kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya mayi Esitere, ndipo injini inayenda bwino kuposa tsiku lina lililonse, osatsimphina ngakhale kamodzi. Njira yonseyo sanawauze akazi awo chilichonse. Inenso sindinanene. Choipa koposa n'chakuti dzulo, miyala ikugwa pasitolo, ndinamva ndipo ndinakhala chete, chifukwa bola anthu akuloza a Sefu palibe ankayang'ana ine. Ndinanama kamodzi kwa munthu wamoyo, ndipo ndinatsala pang'ono kunamanso pamaso pa bokosi lake. Sindinafune kuwapha, Mulungu akudziwa, koma anafa chifukwa cha liwu limodzi lotuluka pakamwa panga. M'galimoto muja mulibe mankhwala. Muli zitsulo ndi petulo basi.

Malemu asiya mayi awo owabereka, a Zipora. Asiya mkazi wawo, mayi Esitere Nabanda, amene akhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Asiya ana asanu: Esau, Dorica, Masozi, Jones, ndi Martina amene akadali kumsana. Asiya achimwene awo awiri ndi alongo awo atatu, asiyanso mpingo wa pa Nathenje wopanda mkulu wake.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza adokotala ndi anamwino a ku Nkhoma amene analimbana mpaka mapeto, ndi a mishoni amene anapereka galimoto yobweretsa thupi kuno. Ndikuthokoza abusa, amayi a Chigwirizano amene akhala akuimba kuyambira dzulo, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza ya malemu, ndi madalaivala amene mwaimika magalimoto anu lero kudzaperekeza mphunzitsi wanu. Ndikuthokozanso a Sefu Uledi. Matabwa a bokosili ndi awo. Nsalu yoyera yomwe yakuta malemu ndi ya m'sitolo yomweyo yomwe yaswedwa chitseko, ndipo tinailandirira kuseri kwa nyumba chifukwa tinaopa kuti anthu aona. Mtedza wawo udakali pansi pa Nathenje. Iwo sanathawe. Abwera pamaliro pano m'mawa, ndipo akhala okha pafupi ndi khola la mbuzi apo, popanda wowapatsa moni.

Amene munakonza machesi, nyumba yanga mukuidziwa, koma ndikupempha kuti mlandu wanga auweruze eni mbumba ndi mayi Esitere, pa nthawi yomwe iwo afune. Sindithawa. Mayi Esitere, sindikupempha chikhululukiro lero, chifukwa lero si tsiku langa. Ndikungopempha kuti tisananyamule bokosi, akulu awiri apite akawagwire dzanja a Sefu, awabweretse pamphasa ya akubanja. Pamalo pomwe akhalapo ndikakhalapo ine, mpaka mudzandiitane.

Asuwani Efulemu Kachingwe Mbewe, Mulungu amene munamutumikira akulandireni, ndipo mzimu wanu upumule mumtendere.